Seva ikakana kukulowetsani, yambani mwawerenga log musanagwire pasiwedi

M'maofesi ambiri a pa boma la Dedza ndi la Ntcheu, kaya ndi pasukulu yapulaiveti, ku SACCO, kufamase kapena m'sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi, mumapezeka kompyuta imodzi, yotchedwa seva, yomwe imakhala pakona osazimitsidwa. M'menemo ndi momwe muli database ya ofesi yonse: fizi ya ana, ngongole za mamembala, matumba a feteleza amene alowa ndi amene atuluka. Tsiku limene pulogalamu ya kalaliki yalemba kuti "Login failed for user", ntchito yonse imaima, mzere wa anthu n'kumatalika pakhonde. Woyang'anira makompyuta akaimbiridwa foni, dzanja lake limathamangira kusintha pasiwedi. Chizolowezi chimenechi n'choipa, ndipo chimadya nthawi yambiri kuposa vuto lenilenilo. Pasiwedi ya akaunti imene pulogalamu imalowera mu database sikhala malo amodzi. Inalembedwa m'fayilo ya makonzedwe pa kompyuta ya kalaliki aliyense, ili m'ntchito yotenga backup usiku, ilinso mu Excel ya akauntanti imene imakoka malipoti a pamwezi. Mukaisintha vuto lisanadziwike, zonsezi zimayamba kukanidwa nthawi imodzi, ndipo vuto loyamba lija limakwiririka pansi pa mavuto amene mwayambitsa nokha.

Uthenga umene kalaliki amauona pa sikirini unapangidwa dala kuti usanene zambiri. Seva ili ngati mlonda wa pageti amene amangouza mlendo kuti "simulowa", koma m'buku lake n'kulembamo dzina limene mlendoyo watchula, nthawi, kumene wachokera ndi chifukwa chomubwezera. Akanamuuza kuti dzina n'lolondola koma pasiwedi ndiyo waphonya, ndiye kuti wakuba wamuchepetsera ntchito ndi theka. Pa Microsoft SQL Server, wogwiritsa ntchito amaona error 18456 yokhala ndi State 1, imene simuuza kanthu. Chifukwa chenicheni chimalembedwa pa seva pomwepo, mu log, imene ili ngati buku la mlonda lija, m'fayilo yotchedwa ERRORLOG.

Ndiye foni ikalira, wina n'kunena kuti "Achimwene, sistimu yakananso," yankho lothandiza ndi lakuti, "Pepani mayi, tandijambulireni uthengawo wonse munditumizire pa WhatsApp, mundiuzenso kuti yakana nthawi yanji." Chithunzicho ndi nthawiyo ndi zimene mukafanizire ndi mizere ya mu log.

Pa SQL Server 2019 fayiloyo imakhala mu `C:\Program Files\Microsoft SQL Server\MSSQL15.MSSQLSERVER\MSSQL\Log`. Pa 2017 foda yake imayamba ndi MSSQL14, pa 2022 ndi MSSQL16, ndipo ngati munaika Express, mtundu waulere wa SQL Server, dzina la foda limathera ndi SQLEXPRESS. Imatsegulika ndi Notepad, kotero mutha kuiwerenga ngakhale inu eni mukukanidwa kulowa. Mizere yomweyo imapezekanso mu Event Viewer ya Windows, pansi pa Application, pa nambala 18456. Ngati mukutha kulowa mu Management Studio, pulogalamu yoyendetsera SQL Server, sefani mizere yofunika yokha motere:

`EXEC xp_readerrorlog 0, 1, N'Login failed';`

Nambala 0 ikutanthauza log imene ikulembedwa panopa, ndipo mukaika 1 m'malo mwake muwerenga yapitayo. Apa pali chinthu chimene kwathu kuno chimapweteka kwambiri. SQL Server imayamba log yatsopano nthawi iliyonse imene yadzuka, ndipo mukapanda kusintha makonzedwe imasunga zakale 6 zokha. Kumalo kumene magetsi amathima kawiri kapena katatu patsiku, UPS nayo batire yake itatha mphamvu, umboni wa Lolemba umakhala utafufutika pofika Lachinayi. Kwezani nambalayo lero lomwe, musadikire vuto: mu Management Studio pitani pa Management, dinani SQL Server Logs ndi batani lakumanja, sankhani Configure, muike 30 kapena kuposerapo. Imalola mpaka 99.

Kukana kulikonse kumalembedwa m'mizere iwiri, mwachitsanzo:

`07:42:10.35 Logon Error: 18456, Severity: 14, State: 8.`
`07:42:10.35 Logon Login failed for user 'kasha'. Reason: Password did not match that for the login provided. [CLIENT: 192.168.1.23]`

M'mizere iwiriyi muli dzina, nthawi, adiresi ya kompyuta imene pempho lachokera, ndi nambala ya State. Kuyambira pa SQL Server 2008 chifukwa chimalembedwanso m'mawu, koma nambalayo ndi yabwino kuiloweza chifukwa ndiyo imene maso amaigwira msanga m'mizere mazana.

State 8 ndiyo imene imabwera kawirikawiri pasiwedi ikalakwika, ndipo ngakhale pamenepo musafulumire kuisintha. Yang'anani kaye kiyibodi. Makompyuta ambiri a m'maofesi mwathu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ena a ku UK ena a ku America, ndipo pa kiyibodi ya ku America Shift ndi 2 zimatulutsa @ pamene pa ya ku UK zimatulutsa chizindikiro cha ". Windows ikasintha mtundu wa kiyibodi, munthu amalemba pasiwedi yomwe wakhala akuilemba chaka chonse, seva n'kumaikana. Muuzeni ailembe mu Notepad aone zimene zikutuluka, kenako afufute. Pasiwedi ikakhala m'fayilo ya makonzedwe, onani ngati muli chizindikiro cha ; chifukwa mu connection string, mzere umene pulogalamu imalumikizira nawo ku seva, chizindikirocho chimadula mawu, ndipo theka lokha la pasiwedi ndi limene limafika ku seva.

State 5, pamodzi ndi State 2, imati dzinalo kulibeko pa seva imeneyi. Nthawi zina walakwitsa chilembo, koma kawirikawiri pulogalamu ikugogoda pa seva yolakwika. Kompyuta imodzi itha kukhala ndi SQL Server ziwiri, imodzi yoikidwa ndi amene anagulitsa pulogalamu ya maakaunti, ina yoikidwa ndi wina pambuyo pake, iliyonse ndi log yakeyake. State 58 imabwera pamene seva inakhazikitsidwa kuti izilandira maakaunti a Windows okha koma pulogalamu ikubwera ndi dzina ndi pasiwedi ya SQL. Zimenezi zimachitika kwambiri seva ikangoikidwa kumene kompyuta yakale itafa. Mu Management Studio sinthani pa Properties ya seva, pa Security, musankhe kuti izilandira mitundu yonse iwiri, ndipo kumbukirani kuti kusinthako sikugwira mpaka SQL Server itazimitsidwa n'kuyatsidwanso.

Imene iyenera kukhaliridwa pansi ndi State 38, chifukwa ndiyo imasokoneza anthu ambiri m'mawa magetsi atathima usiku. Apa dzina n'lolondola, pasiwedi n'njolondola, seva yamuzindikira munthuyo, koma database imene wapempha yalephera kutsegulidwa. Kalaliki nthawi zambiri amaona error 4060 yonena kuti "Cannot open database". Funsani seva kuti database iliyonse ili bwanji:

`SELECT name, state_desc FROM sys.databases;`

Ikalemba RECOVERING, siyani manja. Seva ikazima mwadzidzidzi, podzuka imayamba yawerenga transaction log, fayilo imene imasunga zosintha zonse za mu database, n'kumalizitsa zimene zinavomerezedwa ndi kubweza zimene zinatsala pakati. Mu ERRORLOG muona mizere yonena kuti yafika pa maperesenti angati. Pa hard disk yakale yozungulira zimatenga nthawi, ndipo munthu wopanda chipiriro akaizimitsanso seva, ntchitoyo imayambiranso. Ngati kukanaku kumangobwera mphindi zochepa seva itadzuka kenako n'kutha kokha, ndiye kuti pulogalamu ikudzuka msanga kuposa database. Pitani mu Services musinthe service ya pulogalamuyo ikhale pa Delayed Start.

Ikalemba RECOVERY_PENDING kapena SUSPECT, nkhani yakula. Kwerani m'mwamba mu log mpaka pamene seva inadzukira, mufufuze mzere wonena za "operating system error". Nambala 2 kapena 3 ikutanthauza kuti fayilo kapena foda sikupezeka, ndipo kawirikawiri ndi disk yachiwiri imene sinadzuke kapena yasintha chilembo. Nambala 5 ndi ya chilolezo, akaunti imene SQL Server imayendera siikuloledwa kugwira fayiloyo. Nambala 32 imati pulogalamu ina yaigwira fayiloyo, makamaka antivirus kapena pulogalamu yokopera mafayilo. Nambala 112 ndiye kuti disk yadzaza. Zinayi zonsezi kawirikawiri zimakonzeka popanda kutaya chilichonse. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musafufute fayilo ya .ldf, imene ndi transaction log ija, ndipo musachite detach (kuchotsa database pa seva) pa database imene ili SUSPECT, ngakhale mutawerenga malangizo otero pa intaneti. Database yodwala ikachotsedwa choncho itha kukana kubwereranso. Zimitsani service ya SQL Server, koperani mafayilo a database, a .mdf ndi .ldf, pa disk ina, onani backup yomaliza kuti ndi ya liti, kenako muganize zochita.

State 38 imabweranso database ili ONLINE bwinobwino. Zikatero funsani ngati posachedwapa inasamutsidwa kuchoka pa kompyuta ina. Akaunti yolowera pa seva ndi akaunti ya mkati mwa database ndi zinthu ziwiri, ndipo zimalumikizidwa ndi nambala yotchedwa SID. Mukabweza backup pa seva yatsopano n'kupanganso akaunti ya dzina lomwelo, imalandira SID ina, kotero ziwirizo sizidziwana ngakhale mayina akufanana. Lowani mu database imeneyo mulembe `ALTER USER kasha WITH LOGIN = kasha;` basi yatha. State 40 ndi m'bale wake: database imene inaikidwa kuti akaunti izifikira ikalowa inafufutidwa kapena inasinthidwa dzina. Ipatseni ina ndi `ALTER LOGIN` pa `DEFAULT_DATABASE`.

Pali nambala zina zoyandikana nazo zimene zimadzifotokoza zokha. 18470 ndi akaunti yozimitsidwa, 18487 ndi pasiwedi yotha nthawi, 18486 ndi akaunti yokhomedwa chifukwa cholakwitsa kambirimbiri. Yomalizayi mukaitsegula n'kukhomedwanso pasanathe mphindi zingapo, dziwani kuti pali kena kake kamene kakugogodabe ndi pasiwedi yakale.

Nthawi za m'mizereyo ndi zimene zimaulula kena kakeko. Munthu amalakwitsa kawiri kapena katatu motalikirana masekondi angapo, kenako amaimba foni. Kukana kobwera mphindi iliyonse, kapena mphindi 5 zilizonse, pa sekondi yomweyomweyo usana ndi usiku, ndi kwa makina. Kukana kobwera kamodzi 2 koloko usiku ndi ntchito ya backup. Onani adiresi ili pa CLIENT. Ikalemba "local machine", chogogodacho chili pa seva pomwepo, ndiye fufuzani mu Task Scheduler, mu Services ndi m'ntchito za SQL Server Agent, imene imayendetsa ntchito zoikidwa pa nthawi. Express ilibe Agent, kotero kumeneko ndi Task Scheduler basi. Ikakhala adiresi ya kompyuta ina ya mu ofesi, musakhulupirire pepala limene munalemba chaka chatha, chifukwa rauta imagawa maadiresi mwatsopano ndipo magetsi akabwerera 192.168.1.23 atha kukhala wa munthu wina. Tsegulani tsamba la rauta muone mndandanda wa DHCP, umene umaonetsa kompyuta iliyonse ndi adiresi yake. Nthambi ya ku Lizulu kapena ku Linthipe imene imalowera pa intaneti imaoneka ndi adiresi imodzi ya makompyuta ake onse, ndiye adiresi yokha sikufikitsani patali. Pamenepo default trace, kaundula wina amene SQL Server imalemba yokha, imathandiza, chifukwa imasunga dzina la kompyuta ndi la pulogalamu imene yakanidwa:

`DECLARE @p nvarchar(260) = (SELECT path FROM sys.traces WHERE is_default = 1);`
`SELECT StartTime, LoginName, HostName, ApplicationName FROM sys.fn_trace_gettable(@p, DEFAULT) WHERE EventClass = 20;`

Kawirikawiri mumapeza kuti ndi laputopu ya wogwira ntchito amene anasamutsidwa kalekale, kapena fayilo ya Excel imene imadzikonzanso yokha ikatsegulidwa.

Mtundu wina wa mizere ndi woopsa. Kukana kambirimbiri pa sekondi imodzi, dzina likukhala sa (akaunti yaikulu ya SQL Server), kenako admin, kenako mayina ena amene simunawapangepo, maadiresi ake achilendo osayamba ndi 192.168 kapena 10. Amenewo ndi makina a akuba amene amayendayenda pa intaneti kufunafuna port 1433 yotseguka, khomo limene SQL Server imalandirira mapempho, ndipo sasamala kuti seva ili ku London kapena pa Bembeke. Chimene chimachitika n'chakuti wina anatsegula port pa rauta kuti nthambi kapena abwana azilowa ali kutali. Kuzimitsa kalembedwe ka anthu okanidwa kuti log isadzaze ndi kudzitseka maso, pamene ogogodawo akupitirizabe. Chotsani port forwarding pa rauta tsiku lomwelo. Zimitsani akaunti ya sa ndi `ALTER LOGIN sa DISABLE;` mutatsimikiza kuti muli ndi akaunti ina ya sysadmin, yokhala ndi mphamvu zonse, imene mwaiyesa, komanso kuti palibe pulogalamu imene ikudalira sa. Nthambi zizilowa kudzera pa VPN, monga WireGuard, chifukwa adiresi ya intaneti ya pa simu kadi imasinthasintha ndipo kuloleza adiresi imodzi pa firewall sikukhalitsa. Mukatero yang'anani mu `sys.server_principals` ngati muli akaunti imene simukuidziwa, ndi m'ntchito za Agent ngati muli yachilendo. SQL Server ikangoikidwa imalemba okanidwa okha, kotero wakuba amene anatha kulowa saoneka mu log. Pa Security sankhani kuti izilemba olowa ndi okanidwa omwe.

Nanga kalaliki akudandaula koma mu log mulibe mzere uliwonse wa nthawi imeneyo? Ndiye kuti pempho lake silinafike n'komwe pa seva, ndipo pasiwedi ilibe mlandu. Uthenga wake umakhala wonena za "network-related or instance-specific error", wokhala ndi error 26, 53 kapena 40, ndipo 40 ameneyu musamusokoneze ndi State 40 ija. Pa kompyuta ya kalalikiyo tsegulani PowerShell mulembe `Test-NetConnection 192.168.1.10 -Port 1433`, muike adiresi ya seva yanu. Ikalephera, onani waya ndi switch, onani ngati seva sinasinthe adiresi, ndipo muipatse yokhazikika. Pa Express TCP/IP imabwera yozimitsidwa, muyenera kuiyatsa mu Configuration Manager. Express imasankhanso port yake yokha, choncho muipatse yokhazikika kapena muyatse SQL Server Browser imene imayankha pa UDP 1434.

Wotchi nayo imanamiza. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ka CR2032, ndipo kakatha mphamvu kompyuta imaiwala tsiku nthawi iliyonse imene magetsi athima. Mizere ya log imalembedwa ndi tsiku labodza, ndipo ku ofesi kumene kuli domain ya Windows, Kerberos, njira imene Windows imatsimikizira olowa, imakana kompyuta imene wotchi yake yasiyana ndi ya seva ndi mphindi zoposa 5. Mukaona mizere ya SSPI handshake failed, yerekezani mawotchi awiriwo musanapite patali.

Amene muli pa MySQL kapena MariaDB, imene imabwera ndi XAMPP, uthenga wanu ndi error 1045, "Access denied for user 'dzina'@'adiresi'". Werengani bwino gawo la kumanja kwa @, chifukwa kumeneko akaunti ndi dzina pamodzi ndi kumene ikuchokera. 'kasha'@'localhost' ndi 'kasha'@'192.168.1.%' ndi maakaunti awiri osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake, ndipo `SELECT user, host, plugin FROM mysql.user;` ikuonetsani onse. Uthengawo ukathera ndi "using password: NO", pulogalamu sinatumize pasiwedi iliyonse, ndiye vuto lili m'fayilo ya makonzedwe, mwina chizindikiro cha # chadula mzere. Pa Ubuntu log ili mu `/var/log/mysql/error.log`, koma MySQL 8.0 silemba okanidwa mpaka mutaika `log_error_verbosity` pa 3. Nthawi yake imalembedwa mu UTC, ndipo ife tili patsogolo ndi maola 2, kotero zimene zachitika 07:42 pa Ntcheu muzifunafuna pa 05:42. Error 1698 ya root pa Ubuntu imabwera chifukwa root imalowera pa `sudo mysql` popanda pasiwedi. Pulogalamu yakale ya PHP ikakana mutangokweza MySQL kufika pa 8.0, vuto ndi `caching_sha2_password`, njira yatsopano yotsimikizira pasiwedi imene pulogalamuyo siidziwa, ndipo chabwino n'kukweza PHP, popeza pa 8.4 njira yakale imene pulogalamuyo imaidziwa imabwera yozimitsidwa.

PostgreSQL ndiyo imanena zoona zake mosabisa mu log. Pansi pa "password authentication failed" pamakhala mzere wa DETAIL wonena ngati akauntiyo kulibe, ngati ilibe pasiwedi, komanso nambala ya mzere wa mu `pg_hba.conf` umene wagwiritsidwa ntchito. Fayilo imeneyi, imene imanena amene aloledwa kulowa, imawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo mzere woyamba kugwirizana ndi pempho ndi umene umagamula, osapitanso pa wotsatira. Anthu amawonjezera mzere wawo pansi penipeni n'kumadabwa kuti sukugwira, pamene wina wa pamwamba unagamula kale. "Peer authentication failed" imatanthauza kuti mwalowera pa socket ndi dzina losiyana ndi la akaunti yanu ya Linux, ndiye onjezani `-h 127.0.0.1`. Pasiwedi yokhala ndi @ ikalembedwa mu adiresi yolumikizira iyenera kulembedwa %40. Kuyambira pa PostgreSQL 14 mapasiwedi atsopano amasungidwa ndi scram-sha-256, ndipo driver yakale kwambiri itha kukana. Mukasintha `pg_hba.conf` lembani `SELECT pg_reload_conf();`, palibe chifukwa chozimitsira seva pakati pa ntchito. Mawu akuti trust musawaike pa mzere wa netiweki m'fayiloyo ngakhale kwa mphindi zochepa, chifukwa amalowetsa aliyense popanda pasiwedi, ndipo zoikidwa mongoyembekezera zimaiwalika.

Zikapezeka kuti pasiwedi iyeneradi kusinthidwa, yambani mwalemba malo onse kumene ikugwiritsidwa ntchito, musinthe madzulo anthu ataweruka, ndipo pulogalamu iliyonse muipatse akaunti yakeyake kuti tsiku lina dzina la mu log lidzakuuzeni msanga chimene chikugogoda. M'mawa mwake werenganinso log ya usiku wonse, kenako mutsegule foda ya backup muone ngati muli fayilo ya tsiku limenelo komanso ngati kukula kwake kukufanana ndi kwa ya dzulo lake.